Akamati "ine ndine neutral" pa ndale amatanthauza chani kwenikweni?

Kampeni ikangoyamba kuno kwathu pamakhala liwu limodzi lomwe limavuta kuposa ena onse, liwu loti neutral. Mfumu ikaoneka pa msonkhano wa chipani anthu amati iyayi mafumu azikhala neutral, abusa akalalikira za kukwera mtengo kwa chimanga ena amati abusa asiye ndale akhale neutral, bungwe loyendetsa zisankho la MEC likalengeza chinachake mbali yomwe sinakondwe imati bungweli silili neutral, ndiye wailesi ya boma nayo, apolisi nawo, mpaka aphunzitsi. Chodabwitsa nchoti onsewa akutchula liwu limodzimodzi koma ukawamvetsera bwino aliyense akunena chake. Mu Chichewa tilibe liwu limodzi lonyamula zonsezo, tili ndi angapo: kusatenga mbali, kusakondera, kusakhala wa chipani, kusalowerera ndale, kuima pawekha. Ena amaona ngati chilankhulo chathu chaperewera apa, koma ine ndimaona kuti tili ndi mwayi, chifukwa mawu athuwa amasiyanitsa zinthu zomwe chizungu cha pa msewu chimangoziunjika mthumba limodzi. Tiyeni tiziwatenga limodzi limodzi.

Kusatenga mbali

Neutral linachokera ku Chilatini, neuter, kutanthauza kuti pa zinthu ziwiri "osati ichi, osatinso icho". Pa ndale linatchuka kudzera m'nkhani za nkhondo, dziko likanena kuti awiri mukumenyananu ine sindithandiza aliyense. Chitsanzo chomwe aliyense amatchula ndi Switzerland, yomwe maiko akuluakulu a ku Ulaya anavomereza mu 1815 kuti izikhala yosatenga mbali, ndipo anaugwiradi mwambowo moti nkhondo ziwiri zikuluzikulu zija sanamenye nawo, olo mu United Nations analowa mochedwa kwambiri, mu 2002. Koma taonani, mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine itabuka Switzerland inatsatira zilango za chuma zomwe European Union inaika pa Russia, a Russia nkumati basi inu mwatenga mbali, iwo nkumati ayi ife sitinatumize msilikali. Ndiye ngati eni ake omwe akhala nalo liwuli zaka zoposa 200 akukanganabe tanthauzo lake musadabwe kuti nafenso timakangana.

Madalaivala amalidziwa pa giya. Galimoto ikakhala pa neutral injini siikankhira kutsogolo kapena kumbuyo. Koma amene anakwerapo minibasi yotsika Chiweta kapena mtsetse wa ku Chikwawa akudziwa kuti neutral sikutanthauza kuti galimoto yaima, imapitabe komwe mtsetse ukuloza. Fanizo limeneli lisungeni, tilifunanso kutsogoloku.

Palinso kanthu kena ka m'chilankhulo chathu komwe kamasokoneza. Liwu loti ndale lisanakhale la zipani linali la pa masewera olimbana, kutchera ndale, kumukola mwendo mnzako kuti agwe. Mpaka lero munthu akati "usandichite ndale" sakunena za palamenti, akunena kuti usandipusitse. Ndiye munthu akati "ine sindichita ndale" nthawi zambiri akungodziyeretsa kuti iye si kamberembere, osati kuti alibe maganizo pa nkhani ya feteleza wotsika mtengo kapena mafuta a galimoto. Maganizo ali nawo, mukakhala naye pa bawo muwamva.

Kusakondera

Uku ndi kwa munthu amene ali mkati mwenimweni mwa nkhani ndipo ntchito yake ndi kugamula. Refa pa gemu ya Bullets ndi Wanderers sanganene kuti ine sinditenga mbali ndiye sindiimba wezulo, ayi, akuyenera kuimba, ndipo akaimba penate timu imodzi ipindula ina ilira. Kusakondera kwake sikoti matimu onse atuluke okondwa, koma kuti lamulo lomwe wagwiritsa pa Maule aligwiritsenso chimodzimodzi pa Manoma. Refa yemwe wapereka penate yabodza mu hafu yachiwiri pofuna kubweza ya mu hafu yoyamba kuti zifanane, ameneyo wakondera kawiri.

A Red Cross ndi amene anasiyanitsa bwino mawu awiriwa. Bungweli linayamba mu 1863 Henry Dunant ataona asilikali ovulala atangosiyidwa pa nkhondo ya ku Solferino mu 1859, ndipo mu 1965 ku Vienna anakhazikitsa mfundo zisanu ndi ziwiri zoyendetsera ntchito yawo. Pa mfundozo kusatenga mbali kuli payokha, kusakondera kulinso payokha. Yoyamba imati sitilowerera mkangano wanu, sitinena wolakwa ndi ndani. Yachiwiri imati pothandiza timayang'ana amene wavutika kwambiri, osati mtundu, mpingo kapena chipani chake. Mukumbukire namondwe wa Freddy mu March 2023, pa kampu ya anthu othawa madzi, wogawa ufa wosakondera sagawa mofanana kwa aliyense, amayamba ndi mayi yemwe nyumba yagwa ndipo ali ndi ana asanu, olo atakhala kuti wavala nsalu ya chipani chomwe wogawayo amadana nacho.

Majaji ali mgulu lomweli. Pa 3 February 2020 majaji asanu anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha May 2019, chija cha tipeksi, ndipo khoti la Supreme linagwirizana nawo mu May chaka chomwecho. Chigamulocho chinakomera mbali imodzi, nzosachita kufunsa. Amene anakondwa anati makhoti athu ndi osakondera, amene anaipidwa anati majaji alowa ndale. Koma kungoti chigamulo chakomera wina sikutiuza kanthu pa kukondera, chifukwa chigamulo chilichonse chimakomera wina. Funso loyenera limakhala loti kodi zipanizo zikanasinthana mipando, umboni nkukhala womwewo, majaji akanagamula chimodzimodzi? Funso limeneli ndi lomwe mungayeze nalo refa, jaji, mfumu pa bwalo, olo mphunzitsi pochonga mayeso.

Kusakhala wa chipani

Ichi ndi chomwe pachizungu amati nonpartisan, ndipo chimakhudza kwambiri ogwira ntchito m'boma. Sichikutanthauza kuti munthuyo alibe chipani mumtima. Nesi wa ku Kamuzu Central, kalaliki wa ku Capital Hill, wapolisi wa pa rodibuloko, onse amavota ndipo gawo 40 la malamulo oyendetsera dziko limapereka ufulu wa ndale kwa nzika iliyonse. Chomwe chimaletsedwa ndi kutenga mpando, yunifolomu, galimoto kapena ndalama za boma nkuzisandutsa zida za chipani.

Maganizo amenewa sanabwere okha. Ku Britain kale ntchito za boma ankagawana pachibale ndi pachinzake, mpaka lipoti la Northcote ndi Trevelyan la 1854 linati anthu azilembedwa ntchito atapambana mayeso ndipo azikhalabe pa ntchito olo boma lisinthe. Ku America zinafika poipa, chipani chikawina chinkachotsa anthu nkuikamo ake, mpaka mu 1881 munthu wina yemwe ankayembekezera kupatsidwa ntchito koma osapatsidwa anawombera Pulezidenti James Garfield. Lamulo losintha kalembedwe ka ntchito linabwera mu 1883, ndipo mu 1939 anaonjezera lina lotchedwa Hatch Act loletsa ogwira ntchito m'boma kuchita kampeni ya chipani.

Kuno kwathu tinachokera kutali kwambiri pa nkhaniyi. Kuyambira 1966 dziko linali la chipani chimodzi mwalamulo, ndiye kusiyanitsa boma ndi chipani kunalibe tanthauzo, chipani chinali boma, boma linali chipani. Khadi la chipani ankalifunsa polowa mumsika, pokwera basi, pena ndi kuchipatala komwe. Nchifukwa chake olemba malamulo a 1994 anaikamo gawo 193, lomwe limati ogwira ntchito m'boma asalole ndale kusokoneza ntchito yawo komanso limaletsa boma kapena chipani chilichonse kugwiritsa ntchito antchito a boma ndi katundu wa boma pokweza kapena kugwetsa chipani. Gawo 158 limanena zofananazo kwa apolisi. Ndipo wogwira ntchito m'boma akafuna kupikisana nawo pa uphungu amayenera kutula pansi ntchito.

Fanizo lake ndi la dalaivala wa ambulansi. Bwana wa chipatala akasintha iye amanyamulabe odwala, ndipo bwana watsopano akati lero uyambire ku mudzi wakuti amapita, chifukwa kusankha kopita ndi udindo wa bwana. Koma bwana akati tsitsa wodwalayo unyamule achinyamata apite ku msonkhano wa chipani, pamenepo dalaivala ali ndi chifukwa chokanira. Pa pepala mzerewu ukuoneka bwinobwino, koma m'maofesi umafufutika, makamaka pa maudindo akuluakulu. Boma lililonse lomwe lalowa chiyambire 1994 ladandaulidwapo kuti lachotsa kapena kukhazika pambali akuluakulu ena nkuikapo anthu ake, ndipo boma lililonse limayankha kuti omwe tinawapezawo anali a chipani chakale akutisokoneza. Mbali zonse ziwiri zimati zikuteteza kusakhala wa chipani.

Asilikali athu ndi omwe amatchulidwa kawirikawiri ngati chitsanzo. Mu December 1993 analanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani. Mu April 2012 Bingu wa Mutharika atamwalira mwadzidzidzi kunali kukokanakokana pa yemwe alowe m'malo, mkulu wa asilikali Henry Odillo anaima pa zomwe malamulo akunena ndipo Joyce Banda analumbira pa 7 April. Pa mademo a 2019 asilikali ankayenda pambali pa anthu kuwateteza, mkulu wawo Vincent Nundwe anachotsedwa mu March 2020 kenako nkubwezeretsedwa boma litasintha. Onetsetsani kuti pa nthawi zonsezi asilikali sanangokhala pa neutral ngati galimoto ija, anachitapo kanthu. Owayamikira amati anatsata malamulo osati chipani, owadandaula amati msilikali akayamba kusankha yekha lamulo loti amvere tsiku lina adzasankha zomwe sitidzazikonda.

Kusalowerera ndale

Apa ndi pomwe mbiri yathu ili yowawa, ndipo ndikhalapo pang'ono. Kusalowerera ndale kwenikweni ndi kutalikirana nazo zonse, osavota, osalowa chipani, osaimba nyimbo zake, osafuna mpando. Anthu ochepa okha ndi amene amafika pamenepo, ndipo odziwika kwambiri ndi a Mboni za Yehova, omwe amatsamira pa mawu a Yesu pa Yohane 17 oti ophunzira ake sali a dziko lapansi. Iwo msonkho amakhoma, malamulo amamvera, koma khadi la chipani anakana kugula.

Boma la nthawi imeneyo silinaone kukanako ngati kusatenga mbali, linakuona ngati kuukira. Mu October 1967 mpingowu unaletsedwa. Mu 1972 zinthu zinaipiratu, anthu anachotsedwa ntchito, nyumba kuotchedwa, ambiri kumenyedwa ena kuphedwa, ndipo zikwizikwi anathawira ku Zambia ku kampu ya Sinda Misale, ena ku Mozambique. Ku Mozambique konko chipani cha FRELIMO chitalowa m'boma mu 1975 anakumana ndi vuto lomwelo chifukwa sankafuula nawo mawu a chipani. Chiletso cha kuno chinachotsedwa mu August 1993, patadutsa miyezi iwiri chichitikire riferendamu. Khadi lenilenilo linali la ndalama zochepa zedi, nkhani sinali ndalama. Nkhani inali yoti pomwe chipani chili chimodzi palibe malo oima pakati, ukapanda kuwomba m'manja onse amakuona.

Tsono ikani pambali pake nkhani ina ya mpingo. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, yodzudzula umphawi, kusiyana kwa olemera ndi osauka, kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Boma linati kalatayo ndi youkira, maepiskopi anaitanidwa kupolisi, ndipo Monsignor John Roche anathamangitsidwa m'dziko. Chaka chomwecho mipingo, Asilamu, maloya ndi a bizinesi anapanga Public Affairs Committee, PAC, yomwe inakambirana ndi boma mpaka riferendamu ya pa 14 June 1993, ija ya nyali ndi tambala wakuda, pomwe pafupifupi anthu awiri mwa atatu aliwonse anasankha matipate.

Maepiskopi aja analowerera ndale? Kwambiri. Anali a chipani? Ayi, nthawi imeneyo zipani zotsutsa zinali zisanaloledwe nkomwe. Ndiye a Mboni anali osalowerera ndale, maepiskopi anali olowerera ndale koma osakhala a chipani, onse awiri pachizungu cha pa msewu atha kutchedwa neutral, ndipo onse awiri boma linawaona ngati adani. Mukamva munthu akuti mpingo usamalowerere ndale mufunseni kuti akutanthauza ziti, kuti abusa asauze anthu chipani chovotera, kapena kuti asatchule nkomwe za katangale ndi njala? Zoyambazo mipingo yambiri imavomereza, zachiwirizo imakana. Desmond Tutu wa ku South Africa ankapereka fanizo la njovu yomwe yaponda mchira wa mbewa, kuti ukanena kuti sutenga mbali mbewayo siingakuthokoze. Ndi mtsetse uja, galimoto ili pa neutral imatsata komwe kwapendekera. Koma omutsutsa amati vuto ndi loti aliyense amadziona ngati mbewa, ndipo pa chisankho cha zipani zingapo zovomerezeka si nthawi zonse pomwe njovu imadziwika.

Chomwe chimapangitsa anthu kukayikira ndi choti mzere wa pakati pa kulankhula za ndale ndi kulowa ndale anthu amaudumpha ndithu. Lazarus Chakwera anatsogolera mpingo wa Assemblies of God zaka zoposa 20 asanatule pansi mu 2013 nkukatsogolera MCP. Timothy Mtambo anatsogolera mademo a bungwe lomenyera ufulu la HRDC mu 2019, mu 2020 anasiya nkuyambitsa gulu lake la ndale, kenako anakhala nduna. Palibe lamulo lomwe anaphwanya, ndi ufulu wawo. Koma zikachitika chonchi ena amati mwaona, anali a ndale kuyambira kale, ena amati ayi munthu amaloledwa kusintha ntchito. Ndipo amene amalipira ngongoleyo ndi mbusa kapena womenyera ufulu wotsatira, yemwe akangotsegula pakamwa amafunsidwa kuti nawenso ukufuna unduna eti?

Ankhoswe a ku MEC

Anthu ambiri amadabwa akamva kuti makomishonala a MEC maina awo amachokera ku zipani. Wapampando amakhala jaji wosankhidwa kudzera ku Judicial Service Commission, koma enawo zipani zikuluzikulu za m'nyumba ya malamulo zimapereka maina, pulezidenti nkuwasankha. Ndiye bungwe lotere lingakhale bwanji losatenga mbali?

Yankho lake lili pa ukwati. Ankhoswe si anthu ongotoledwa panjira, wina ndi wa kuchimuna wina ndi wa kuchikazi, aliyense amadziwika kwawo. Chilungamo chimabwera chifukwa onse alipo ndipo akuyang'anana, wina sangapotoze nkhani mnzake ali pompo. Koma akakhala pansi ntchito yawo ndi kumanga banja osati kuwinitsa m'bale wawo. MEC inapangidwa ndi nzeru yomweyo, ndipo gawo 76 limati ikayamba ntchito isalamulidwe ndi munthu kapena ofesi ina iliyonse. Kumeneku ndi kuima paokha, komwe ndi kosiyananso ndi zonse tatchula zija, chifukwa kukunena za yemwe angakulamule osati za zomwe uli nazo mumtima. Bungwe litha kuima palokha koma nkumakondera mwa kufuna kwake, lithanso kukhala losakondera lero koma lopanda chitetezo mawa wina akafuna kulipinda. Maiko ena anasankha njira ina, yoti makomishonala azifunsira ntchito ngati wina aliyense nkufunsidwa mafunso poyera, South Africa ndi Kenya amachita zoterezo, komabe ku Kenya khoti linathetsa chisankho cha pulezidenti mu 2017 ngati momwe zinachitikira kuno mu 2020.

Oima paokha

Awa ndisatayepo nthawi yambiri. Phungu woima payekha ndi amene sanaimire chipani pa balloti, basi. Si kuti alibe mbali. Mu 2014 anawina 52 pa mipando 193, kuposa chipani chilichonse, mu 2019 anali 55. Ambiri mwa iwo amakhala oti anagwa kapena kuberedwa pa mapulaimale a chipani chawo, ndipo akangolumbira timamva mawu otchuka aja oti "anthu akwathu andituma kuti ndigwire ntchito ndi boma". Gawo 65 lija, loti phungu akachoka m'chipani chake nkulowa china ataye mpando, lomwe linavutitsa dziko Bingu atachoka mu UDF nkuyambitsa DPP mu 2005, mpaka bajeti kumachedwa, linalembedwa poganizira phungu yemwe anasankhidwa pa tikiti ya chipani, ndiye oima paokha amayenda momasuka. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma ku palamenti kwathu zikuoneka kuti ena mapanga awiriwo amawasunga bwino ndithu osanyowa.

Sipikala naye ali ndi nkhani yake. Ku Britain munthu akasankhidwa kukhala sipikala amatuluka m'chipani chake ndipo sabwereranso. Kuno amakhalabe membala wa chipani, pomwe ndi yemweyo amene amayenera kugamula ngati phungu wadumpha mzere pa gawo 65.

Nanga mafumu?

Apa mawu onse aja amakumana nkusokonekera pamodzi. Mfumu pa bwalo timafuna ikhale yosakondera. Pa maliro ndi pa chitukuko timafuna ikhale ya aliyense. Koma mfumu yomweyo imalandira mswahala kuchokera ku boma, ndipo pansi pa lamulo la mafumu la 1967 pulezidenti ali ndi mphamvu zovomereza, kukweza olo kuchotsa mfumu. Pulezidenti akabwera m'dera mfumu singakane kukamulandira, ndi mlendo wa boma, koma msonkhano wa chitukuko ndi msonkhano wa chipani kuno kwathu zimachitikira pa nsanja imodzi, nsalu zomwezo, nyimbo zomwezo. Mfumu ikati "ife timagwira ntchito ndi boma lomwe lilipo" ikhoza kukhala ikunena zoona zenizeni za udindo wake, ikhozanso kukhala ikupanga kampeni mwaulemu, ndipo pena mawuwo amakhala amodzimodzi mbali zonse.

Maiko ena analemba poyera. Malamulo a Ghana a 1992 amaletsa mfumu kuchita ndale za chipani, yofuna uphungu iyambe yatula ufumu. A ku Zimbabwe a 2013 amati mfumu isakhale membala wa chipani chilichonse, ngakhale abale athu okhala kumeneko angakuuzeni kuti zolembedwa ndi zochitika zimatalikirana. Komanso tisaiwale kuti mbiri yathu imalemekeza mafumu omwe analowerera ndale. Inkosi Gomani II inachotsedwa pa mpando ndi atsamunda mu 1953 chifukwa chouza anthu ake kuti akane chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Atsamunda ankati mfumu isachite ndale, ife lero timati inali ngwazi.

MBC nayo ndi chimodzimodzi, inayamba mu 1964 ngati pakamwa pa boma, malamulo a masiku ano amati izipereka mpata kwa onse, koma odzaonerera zisankho monga a European Union alembapo kangapo kuti imapendekera ku chipani cholamula, ndipo chipani chilichonse chimadandaula chikakhala kotsutsa nkuiwala chikalowa m'boma. Kwa mtolankhani kusakondera sikungowerenga maminitsi kuti uyu asanu uyunso asanu, chifukwa wina akanena bodza loonekeratu kulisiya osalifunsa ndi kumuthandiza.

Zomwe sizinayankhidwebe

Choyamba nchoti ndani amene amagamula kuti uyu ndi neutral. Munthu sangadzipatse yekha dzinali, amamupatsa ndi anthu, ndipo kuno kwathu chiyambire 1994 pomwe mavoti anagawikana Chihana kumpoto, Kamuzu pakati, Muluzi kummwera, anthu amayamba afunsa kuti kwanu nkuti asanamve zomwe wanena. Jaji kapena komishonala atha kuchita zonse molondola koma dzina lake lokha nkumuweruza. Kodi kusakondera ndi zomwe munthu wachita, kapena zomwe anthu akhulupirira kuti wachita? Ndipo ngati zonse ziwiri zikufunika, munthu angatani ndi dzina la makolo ake?

Kenako pali nkhani ya foni. Gawo 193 linalembedwa kulibe Facebook ndi WhatsApp. Mphunzitsi akalemba pa tsamba lake usiku ali kunyumba kuti boma lalephera, walankhula ngati nzika kapena ngati wantchito wa boma? Nanga akalemba kuti boma likuchita bwino, mlandu ndi womwewo? Chifukwa ngati wodzudzula yekha ndi amene amaitanidwa ku ofesi pomwe woyamikira akukwezedwa, lamulolo likugwira mbali imodzi.

Pa MEC funso likadali loti tipitirize ndi ankhoswe ochokera ku zipani kapena tipeze anthu opanda chipani, ndipo ngati ndi choncho awasankhe ndani, poti wosankhayo naye ali ndi kwawo. Zipani zing'onozing'ono ndi oima paokha alibe nkhoswe wawo pa gomelo, iwo awayang'anire ndani? Pa mafumu, kodi nzotheka kupempha munthu kuti asatenge mbali pomwe mswahala ndi kukwezedwa kwake zili m'manja mwa mmodzi mwa opikisanawo, ndipo mphamvu imeneyo ikachoka kwa pulezidenti ipite kwa ndani?

Ndipo lovuta kwambiri ndi la mtsetse lija. Pafupifupi aliyense lero amavomereza kuti maepiskopi anachita bwino kulankhula mu 1992, koma mu March 1992 momwemo analipo ambiri omwe ankati ansembe asiye ndale. Ndi chizindikiro chanji chomwe chingauze mfumu, mbusa, jaji kapena msilikali, pa tsiku lenilenilo osati patapita zaka 30, kuti apa mpofunika kukhala chete ndipo apa kukhala chete ndi kuthandiza mbali imodzi?